Madontho Atatu Kumapeto kwa Mzere

Suwon, 2 Disembala 2010

Okondedwa bambo ndi achemwali,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino nonse. Ine kuno ndilipo, kungoti kwazizira kwambiri. Kimchi munatumiza uja, kabichi wathu wowawasa wa tsabola, wafika, chidebe sichinatayikire ngakhale pang'ono. Zikomo achemwali. Nanga mawondo a bambo ali bwanji? Mabatire a kachipangizo kawo ka m'khutu alipobe? Achemwali, zotsatira za mayeso a mwana wanu Da-som zatuluka? Mundiuze.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni kuti bambo awerenge okha, poti foni saimva. Komanso ine pa foni ndimanena theka lokha la zomwe ndakonza, chifukwa inu achemwali mukayamba kundiseka ndimasokonekera.

Ndili ndi pempho, ndipo musandifunse chifukwa chake. Kuntchito tinasaina kuti za m'kati zisamatuluke. Bokosi lija la kampani yathu ndinakuikirani mu Ogasiti m'mashedi a sitiroberi, lija limayatsa mahita kukazizira ndi kukulunga mapulasitiki a m'mbali kukatentha, musalisiye lokha. M'mawa komanso dzuwa likamalowa, wina azizungulira mashedi onse atatu n'kuona ndi maso ake kuti mbali zonse zatsika mpaka pansi. Getsi lobiriwira la pa bokosilo musalikhulupirire.

Chachiwiri, mahandulo aja tinachotsa poika mamota, aja munkapukusira mapulasitiki ndi manja, musawataye. Akhale pafupi ndi chitseko cha shedi, pamodzi ndi sipanala yomasulira mota.

Mwina palibe kanthu. Ndabwereza kudziuza choncho kuyambira dzana. Komabe chitani zimene ndapemphazi, chonde.

Ine wanu,
Gi-tae

Nonsan, 6 Disembala

Gi-tae,

Tili bwino. Bambo akudya ngati mnyamata. Da-som akudikirabe zotsatira, wangokhala chogona ngati mphaka. Mabatire atsala awiri, utumize, a kuno amatha msanga.

Kalata yako bambo aiwerenga kawiri, ine kamodzi kandikwana. Iwe, udzasintha liti? Munthu wa zaka makumi anayi ndi ziwiri! Suja tsiku la ukwati wanga unatsika basi kubwerera kunyumba kukaona ngati gasi unatseka, n'kufika anthu akudya kale? Gasiyo anali wotseka. Chaka chatha unatiletsa kudya nkhono mwezi wathunthu chifukwa cha nkhani ya m'nyuzi. Lero ukuti ndizizungulira mashedi ndi nyali ngati mlonda. Nanga bokosilo tinaikiranji? Si iwe unaima pabwalo pano n'kunena kuti achemwali, kuyambira lero muzigona, ili ndi diso losaphethira? Ndinakumvera. Ndikugona, ndipo tulo take n'tokoma.

Mahandulo ndinamupatsa wogula zitsulo uja mu Okutobala. Ankangotipunthwitsa pakhomo.

Tsopano ndimve ine. Ndikudziwa kuti pali chimene ukubisa, ndipo si bokosi ayi. Kampani yanu ikugwa, eti? Kapena akufuna kukuchotsa? Ngati ndi choncho nena poyera, usazungulire ndi nkhani za mahandulo. Kuno mpunga ulipo, chipinda chako chilipo, ndipo manja othyola zipatso akusowa. Palibe amene adzakuseke kupatula ine.

Sitiroberi wayamba kufiira. Gi-tae, chaka chino wabereka moti ukalowa m'shedi yachitatu fungo limakumenya pakhomo. A kopaletivi anabwera kudzaona, anangogwedeza mitu. Ukudziwa wekha kuti chimwalirireni alamu ako, chathu chonse chili pansi pa mapulasitiki amenewa, ndi sukulu ya mwanayu yomwe. Ndiye usamandiopseze pachabe, mtima wanga si wa chitsulo.

Uzidya. Usamangomwa khofi.

Mchemwali wako

Suwon, 10 Disembala

Bambo ndi achemwali,

Moni nonse. Mabatire ali mu envulopu yomweyi, ndawakulunga m'pepala kuti asakhudzane. Kampani sikugwa, ndipo palibe wandichotsa. Koma mahandulo aja mwatayadi. Poti simukundikhulupirira, ndiphwanya lonjezo langa la kuntchito. Mukawerenga kalatayi musaionetse munthu.

Kumapeto kwa Novembala, kwa mlimi wina wa kumpoto, bokosi lofanana ndi lanulo linakulunga lokha mbali zonse za mashedi ake, kunja kuli chipale. Pamene ankazindikira, zonse zinali zitapsa ndi chisanu. Zithunzi ndinaziona. Masamba akuda bii, alendewera ngati nsanza zonyowa. Bokosi lakelo analichotsa n'kulibweretsa kuno, lili pa tebulo langa, likununkhabe dothi. Ntchito yopeza chimene chinachitika anapatsa ine.

Ndiyese kulongosola kuti bambo amve. Pulogalamu ya m'bokosimo imasunga malamulo ake pa mzere, ngati anthu odikira dokotala: yatsa hita, zimitsa hita, kulunga mbali, tsitsa mbali. Lililonse limadikira nthawi yake. Ife tili ndi chida chimene timachitcha dibaga. Chimaimitsa pulogalamu ili pakati pa ntchito, n'kukulola kusuzumira m'mimba mwake. Ukachifunsa nambala imodzi, monga ya kutentha, chimakuuza bwinobwino. Koma ukachifunsa za chinthu chosunga zinthu zambiri, monga mzere umenewu, chimangolavula manambala ataliatali. Nambala yoyamba imakuuza pamene pali lamulo loyamba. Ukafika pamenepo umapeza theka la yankho ndi nambala ina yokulozera kwina. Zili ngati kufunsa njira m'mudzi momwe aliyense amangokulozera kwa mnzake. Ndinayesa kulondola ndi pensulo. Ndikafika pa lamulo lachisanu ndi chitatu maso amachita mdima, ndipo sindidziwanso ngati ndalumpha lina.

Njira ilipo. Dibagayo umatha kuiphunzitsa. Umalemba kafailo kakang'ono koiuza kuti ikakumana ndi chotengera cha mtundu wakuti izichitsegula motere, iziyenda yokha m'manambala onse aja, n'kundandalika zam'katimo m'mawu oti munthu awerenge. Ena analemba kale zoterezi, koma analembera makompyuta akuluakulu. Zotengera za m'kabokosi kathu n'zamtundu wakale, sizikugwirizana nazo. Lachiwiri inakana kuwerenga kafailo kanga. Lachitatu inawerenga, n'kundiuza kuti mzere ulibe kanthu, pamene ndikudziwa kuti ndi wodzaza. Chimenecho chinandiopsa kuposa manambala aja, chifukwa inanena bodzalo mwaukhondo.

Abwana Bang, mkulu wa gulu lathu, akuti mlimiyo kapena mdzukulu wake anakhudza batani, ndipo ndilembe lipoti tithane nazo. Dzulo anaima kumbuyo kwanga manja m'thumba.

"A Pyo, sabata yathunthu mukungopukuta magalasi. Mudzawerenga liti?"

"Bwana, popanda magalasi ndiwerenga bwanji?"

Anati magalasi angawo andipatsa mpaka Lachitatu.

Achemwali, bokosilo musalizimitse, chifukwa mahita amadalira lomwelo, ndipo mukatero chisanu chilowabe. Kungoti musalichotse diso. Ndikatseka maso ndikumaona shedi yanu yachitatu ili yasa. Ndine ndinakubweretserani chinthu chimenechi, ndinachinyamula ndekha m'basi.

Gi-tae

Nonsan, 13 Disembala

Gi-tae,

Ndine bambo ako. Tili moyo. Mabatire afika, koma khutu ndi lomwe lija.

Mlongo wako anayamba kuwerenga kalata yako ataimirira, anaimaliza atakhala pansi. Kuseka kwatha. Tsopano sagonanso m'nyumba. Wayala bulangeti m'shedi yapakati, pafupi ndi hita, ndipo akutsokomola. Chakudya akumutengera Da-som. Mwanayu wakhoza bwino, koma palibe amene wapeza mpata wosangalala.

Za dibaga zakozo ndawerenga. Sindinamve zonse. Ndamva kuti ukufuna kuona m'mimba mwa chinthu ndipo chikukana.

Nkhani ndi iyi. Loweruka ndi tsiku lokumbukira malemu alamu ako. Kwa apongozi a mlongo wako ku Mokpo akumudikira kuti akakonze gome la chakudya chokumbukira malemu, iye ndi mwana. Ayenera kukagona komweko. Iye akuti sapita. Apongozi ake aimba kawiri. Mawu sindinamve, koma nkhope yake ndinaiona. Mkazi wamasiye akajomba tsiku limeneli, ukudziwa zimene amanenedwa, ndipo mwanayo ndi wa mtundu wawo.

Ndiye iwe amene unapita ku sukulu, tiuze mawu amodzi. Apite kapena asapite. Usalembe masamba anayi.

Bambo ako

Suwon, 15 Disembala

Bambo ndi achemwali,

Moni. Da-som, wachita bwino mwana wa achemwali.

Zatheka. Lero dibaga yaonetsa mzere uja m'mawu owerengeka, lamulo lililonse palokha, ndi tsiku lake pambali. Ndawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, abwana Bang awerenganso. Palibe lamulo lolakwika. Zikuoneka kuti kumpoto kuja munthu anakhudzadi batani.

Zonse zili bwino. Achemwali pitani ku Mokpo, mukagone pabwino. Musadandaulenso za bokosi kapena za ine. Pepani kuti ndakuvutitsani, ndipo zikomo pa zonse zimene mwakhala mukundichitira.

Gi-tae

Suwon, m'chipinda mwako, Loweruka

Gi-tae,

Uli kuti?

Ndikulemba kuseri kwa kalendala yako. Mayi eni nyumba anditsegulira. Akuti sanakuone kuyambira m'mawa.

Kalata yako inafika dzulo. Ndinaiwerenga, n'kutembenuza pepala kufuna tsamba lachiwiri. Panalibe. Ndinagwedeza envulopu. Zaka zonsezi iwe sunalembepo kuti zonse zili bwino. Ngakhale pa khadi la chaka chatsopano umatiuza kuti tisamale ndi makeke omata a mpunga kuti angatitsamwe. Lero mizere yowerengeka, osatchula mawondo a bambo, osatchula chifuwa changa, kenako zikomo pa zonse. Zikomo wa chiyani? Munthu amathokoza choncho akamapita kuti?

Ndinakuimbira dzulo madzulo, unati watanganidwa, zonse zili bwino, n'kudula. Mawu ako anali osalala ngati a munthu wina. Sindinagone. M'mawa uno ndamukweza Da-som basi ya ku Mokpo yekha, ndamuuza kuti auze agogo ake kuti ndadwala. Ine ndakwera ya kuno. Bambo ndinawalembera pa pepala kuti ndikupita ku Mokpo, kuti asade nkhawa. Mashedi ndawasiyira bokosi lako, poti unati ndi labwino.

Foni yako ikungoitana. Ndapita pa geti la kuntchito kwanu. Mlonda akuti a Pyo atuluka masana akuthamanga, opanda chikhoti, nkhope ngati pepala, anawaitana koma sanacheuke. Ndinamufunsa kuti alowera kuti, anangoloza kumsewu waukulu.

M'chipinda muno mabulangeti wapinda. Mbale watsuka. Chidebe changa cha kimchi wachitsuka n'kuchivundikira, chakudya chake waika m'mabotolo olemba masiku. Ndikudziwa kuti umatero nthawi zonse. Ndikudziuza choncho. Koma timamva zimene amachita amuna a m'tauni muno ntchito ikawathina pakhosi, ndipo iwe chilichonse umasenza wekha ngati unalenga dziko ndiwe.

Za gasi zija ndinkangocheza, mwana wa mayi anga. Ngati bokosi lili ndi vuto, likhale nalo. Sitiroberi amadzalidwanso.

Ndikhala pano pakhomo mpaka ubwere. Ukalowa ine nditapita ku polisi, usachoke. Khala pansi undidikire.

Mchemwali wako

Suwon, 21 Disembala

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti chifuwa chikuchepa, ndipo zala za bambo zikuphwa. Mafuta aja muziwapaka kawiri, osatikita.

Ndafika dzulo n'kupeza kalendala yanga ili pa pilo. Ndaiwerenga nditaimirira, kenako nanenso ndinakhala pansi. Lamulungu mutafika kunyumba munandimenya kumsana ndi chikhatho, n'kupita ku shedi yachitatu, ndipo simunandilankhulenso mpaka ndinanyamuka. Munali ndi ufulu. Koma ndikufuna mudziwe mmene zinayendera, mwa dongosolo lake, poti pakamwa sindikanatha.

Loweruka ndinapita kuntchito kukamaliza lipoti. Ndinafuna kumata mzere uja kumapeto kwake monga umboni. Ndikuukopera, ndinaona kuti pambuyo pa lamulo lomaliza pali madontho atatu. Lachitatu lija ndinawaona ndithu, koma maso anangodutsapo, poti zonse zinali zoyera ndi zolongosoka, ndipo ndinali ndi njala yoti zikhale bwino. Ndinawerenga malamulowo. Anali mazana awiri ndendende. Nambala yosalala choncho siichitika yokha.

Achemwali, dibaga imeneyi ili ndi khalidwe lake. Chinthu chikatalika, imaonetsa mazana awiri oyamba okha, n'kuika madontho atatu kusonyeza kuti zilipo zina. Aliyense wa ntchito yathu amadziwa zimenezi. Inenso ndimadziwa. Masabata awiri ndinalimbana ndi zovuta, n'kuiwala kamzere kamodzi kouza chidacho kuti chisadule. Ndinakalemba m'kafailo kaja, n'kufunsanso. Malamulo anakhuthuka mpaka kudzaza sikirini. Kumunsi kwake kunali a m'chilimwe, a masiku oyamba bokosi litangoikidwa: kulunga mbali zonse, kulunga mbali zonse. Pulogalamu siyinkawafufuta. Ikafika poti malo adzaza, imabwerera n'kuyamba kumvera akalewo, osayang'ana kuti kunja kuli chipale. Mlimi uja sanakhudze batani lililonse.

Kenako ndinayang'ana masiku. Bokosi lake linaikidwa pafupifupi masabata atatu lanu lisanaikidwe. Ndinawerengera pa zala ngati mwana. Zinagwera pa Loweruka lomwelo kapena Lamulungu.

Ndinathamangira kwa abwana Bang. Anayang'ana, sananene nthabwala, analamula kuti alimi onse aimbiridwe pompo. Nambala imene ili m'kaundula wa kampani ndi ya foni ya m'nyumba mwathu. Ndinaimba ndekha. Inaitana, inaitana. Ndinkawaona bambo m'maganizo atakhala pafupi nayo akusenda mapeyala a m'dzinja, osamva kanthu. Inu ndinkadziwa kuti muli ku Mokpo, chifukwa ndinakutumizani ndine. Mafoni athu timasiya m'kabati pa geti polowa. Ndinati nditenge ndikuimbireni, koma nditatuluka ndinaona takisi itaima, m'mutu munali basi ya ku Nonsan yokha. Ndinakumbuka foni ndi chikhoti tili kale pa msewu waukulu. Nambala yanu ili m'foni imeneyo. Ine amene ndimalemba chilichonse, sindinaisunge m'mutu.

Ulendo umenewo sindikufuna kuukumbuka. Chipale chinayamba titadutsa Cheonan. Wa takisi ku Nonsan anandisiya pa mlatho, anati kutsogoloko matayala aterereka. Ndinathamanga m'mbali mwa minda, dzuwa litangolowa. Nditakhota pa mtengo waukulu uja ndinaona mashedi. Yachitatu ndi yapakati zinali yasa mbali zonse, mapulasitiki atakulungidwa mpaka pamwamba ngati masana a Ogasiti, mahita akulira pachabe, nthunzi ikutuluka. Yoyamba inali yotseka. Sindinamvetse.

M'nyumba munalibe munthu. Nsapato za bambo panalibe. Ndinakuwa, ngakhale ndinkadziwa kuti sangamve. Ndinawapeza kuseri kwa shedi yapakati, atakwera pa kreti, sipanala kukamwa, akulimbana ndi mota ndi manja opanda magolovesi. Pansi panali mahandulo awiri a dzimbiri. Shedi yoyamba ija anali ataitseka kale okha. Atandiona sanadabwe nkomwe. Analavula sipanala n'kundipatsa.

"Iwe masula. Ine zala zafa."

Ndinathamanga kukazula waya wa mamota pa bokosi kuti lisatsegulenso, n'kubwerera. Ndinamasula, tinalowetsa handulo, tinapukusa, iwo mbali iyi ine mbali inayo. Pulasitiki inali itauma ngati chikopa. Titatseka yapakati tinathamangira yachitatu, koma ndinadziwa ndisanalowe, chifukwa fungo lija munalemba panalibe. Ili kumphepo, ndipo inakhala yotsegula nthawi yaitali kuposa zinzake. Tinaitsekabe.

Tikuotha manja pa hita, ndinalemba ndi chala pa nthunzi ya pa pulasitiki kufunsa za mahandulo. Anati atawerenga kalata yanga yoyamba anapalasa njinga kupita kwa wogula zitsulo, n'kufukula mulu wake tsiku lathunthu, anapezamo awiri. Anawabisa m'mapesi kuopa kuti muwaseka. Ndinalembanso kuti nanga munapita bwanji kukayendera mashedi, ine nditalemba kuti zonse zili bwino? Anayang'ana zilembozo mpaka zinayamba kuyenderera.

"Makalata ako aatali ndi awiri, yaifupi ndi imodzi. Ine ndinatsata aataliwo."

Nambala yanu ndinaipeza pakhoma pafupi ndi foni. Munayankha kusanaitane n'komwe. Nditangoti achemwali, munapuma kamodzi mwamphamvu n'kudula. Panthawiyo ndinkaganiza kuti mwakwiya chifukwa cha mashedi. Ndadziwa dzulo.

Mafamu ena awiri tinawapeza nthawi ilipo. Mlimi wa kumpoto uja abwana Bang apita okha kukagwada pakhomo pake. Za shedi yachitatu ndalemba zonse ku kampani, ndi zithunzi, ndipo sindisiya kufikira atayankha. Koma fungo lija palibe angalibweze, ndipo apongozi anu sadzaiwala. Ndinafunsidwa mawu amodzi, ndinapereka olakwika.

Ine mng'ono wanu,
Gi-tae

Nonsan, 26 Disembala

Gi-tae,

Tili bwino. Chifuwa chatsala pang'ono. Zala za bambo zasupuka koma zikugwira timitengo todyera, akuti ndikuuze choncho. Chikhoti chako unakachitenga? Kapena ukuyendabe ngati wamisala?

Shedi yachitatu tazula yonse, ine ndi Da-som. Sindinalire pamaso pa mwana. Tidzalamo letesi, amapirira. Yapakati mizere ya m'mbali yapsa, koma pakati pali moyo. Yoyamba sinadziwe n'komwe kuti kunachitika kanthu, mawa tikuthyola. Sukulu ya mwanayu itheka, kungoti tidya mothina. Kwa apongozi ndipita chaka chikayamba, ndi bokosi la sitiroberi ndi mutu pansi. Anene zimene anene.

Kukumenya kuja sikunali kwa mashedi. Ndinakhala pakhomo pako kuyambira masana mpaka mdima, ndikumvetsera mapazi a munthu aliyense pa masitepe. Usadzandichitenso zimenezo.

Kalata yako ya masamba asanu ndaiwerenga kawiri, ndipo usiku wake ndinagona mpaka kucha, koyamba m'masabata awiri.

Lachinayi kunabwera mnyamata wa kampani yanu ndi kompyuta, waika pulogalamu yatsopano m'bokosi. Akuti tsopano zonse zili bwino, tilumikize mamota. Ndinamupatsa tiyi n'kumuperekeza. Waya ukadali pansi. Tikupukusa ndi manja m'mawa ndi madzulo, mahandulo awiri mashedi atatu, ndiye ugule lachitatu utumize.

Tsopano ndikufunsa iwe. Wayayu ndilumikize kapena ayi? Uyang'ane mpaka pansi penipeni, kuseri kwa madontho ako atatuwo. Ukatero ukhale pansi, utenge mapepala ambiri, ulembe chilichonse chimene chikukuopsa, ngakhale chopusa. Usandiyankhe ndi mawu amodzi.

Mchemwali wako